Phalombe ili ndi chipatala, tsopano ikufuna dokotala wochotsa abambo pa kapaipi

Pali odwala ena amene simudzawaona pa Facebook. Mwana akafunika kupita ku India kukalandira chithandizo, chithunzi chake chimazungulira m'magulu onse a WhatsApp, nambala ya Mpamba ndi ya Airtel Money zili m'munsi, ndipo timasonkha. Koma bambo amene mkodzo wamutsekera sajambulitsa. Amagula thalauza lokulirapo, kathumba ka mkodzo n'kukamangirira pantchafu, kenako pang'onopang'ono n'kusiya kupita kutchalitchi, kumaliro ngakhale pabawo, poopa kuti anzake amva fungo. Tsiku lomwe wamwalira timangoti anadwala nthawi yaitali, basi nkhani yathera pomwepo.

Ndikulemba za abambo amenewa, makamaka a kwathu ku Phalombe, chifukwa ambiri mwa iwo sakudwala matenda osachiritsika. Chomwe chikuwasunga pa kapaipi kwa miyezi kapena zaka ndi kusowa kwa dokotala amene anaphunzira kuchita opaleshoni ya njira ya mkodzo pogwiritsa ntchito kamera, osang'amba mimba. Ganizo langa ndi lakuti boma liyenera kulipirira madokotala athu maphunziro apamwamba a ntchito imeneyi. Ndipo phindu la maphunzirowo tiziliyeza powerenga abambo amene achotsedwa kapaipi ku Migowi, osati masatifiketi opachikidwa m'maofesi ku Lilongwe.

Chimatseka mkodzo n'chiyani?

Mwamuna aliyense ali ndi kachiwalo kotchedwa prostate. Kali kunsi kwa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwa mnyamata kamakhala kakang'ono ngati dzira la nkhunda, koma munthu akamakula nako kamakula. Pofika zaka 60, pafupifupi theka la amuna amakhala kuti kayamba kukula, ndipo mwa amene adutsa zaka 80 ndi ochepa okha amene amapulumuka. Nthawi zambiri kukula kumeneku si khansa. Koma kakafinya njira, mkodzo umayamba kutuluka modontha, munthu amadzuka kanayi kasanu usiku umodzi, ndipo tsiku lina umangokaniratu.

Amene anaonapo munthu mkodzo utamukana saiwala. Chinena chimatupa, thukuta lili chuchuchu, munthu wamkulu wa ndevu zake akubuula ngati mwana. Pachipatala amamulowetsa kapaipi, kamene achipatala amati katheta, ndipo mkodzo umatuluka. Apa moyo wapulumuka, tisanyoze. Vuto ndi lakuti kapaipi n'kongodikirira chithandizo chenicheni. Kakakhalitsa kamabweretsa matenda m'chikhodzodzo, kamatsekeka, kamasiya zilonda, ndipo kamafunika kusinthidwa pakapita milungu ingapo. Mkodzo ukamabwerera kumtunda umawononga impso. Mapiritsi monga tamsulosin ndi finasteride amathandiza ena, koma alipo ambiri amene chowathandiza ndi opaleshoni basi.

Anyamata anzanga, musaone ngati iyi ndi nkhani ya madala okhaokha. Njira ya mkodzo imathanso kutsekeka ndi chipsera chosiyidwa ndi chinzonono chomwe sichinachizidwe bwino, kapena ndi ngozi yothyola mafupa a m'chiuno. Ndi mmene njinga zamoto za kabaza zachulukira pamsewu wochoka pa Chitakale kudutsa ku Phalombe mpaka ku Jali, mnyamata wa zaka 25 atha kupezeka pamzere wosinthitsa kapaipi limodzi ndi agogo ake.

Kung'amba ndi kulowa ndi kamera

Njira yakale yochotsera vutoli ndi kucheka pamimba kunsi kwa mchombo, kutsegula chikhodzodzo, n'kuchotsa mnofu wotsekawo ndi chala. Njira imeneyi imagwira ntchito, ndipo madokotala athu apulumutsa nayo anthu ambiri. Prostate ikakula kwambiri imafunikabe mpaka lero. Koma ili ndi mtengo wake: bala lalikulu, kutaya magazi ambiri, kugona m'chipatala sabata kapena kupitirira apo, ndi milungu yambiri munthu asanagwirenso khasu.

Njira inayo achipatala amaitcha TURP, ndipo dokotala sacheka paliponse. Amalowetsa kachitsulo kowonda ngati cholembera kudzera m'njira ya mkodzo yomweyo, kali ndi nyali ndi kamera. Akuyang'ana pa sikirini, amasenda mnofu wotsekawo pang'onopang'ono ndi kawaya ka magetsi, ngati mmene amakokotera m'kati mwa chipanda. Wodwala nthawi zambiri amangobayidwa jakisoni wa pamsana, amakhala ali maso. Ntchito yonse imatenga pafupifupi ola limodzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu amachotsa kapaipi, munthu n'kubwerera kwawo akukodza yekha. Nayo ili ndi zovuta zake. Ambiri akachitidwa opaleshoni imeneyi umuna umabwerera m'chikhodzodzo m'malo motuluka kunja, ndipo dokotala wabwino amamuuza munthu zimenezi asanasaine pepala.

Musaganize kuti ili ndi luso la dzulodzulo. TURP inayamba ku America m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Kuswa miyala ya mu impso ndi makina popanda kucheka kunayamba ku Munich mu 1980. Mu 1990, dokotala Ralph Clayman ndi anzake ku St Louis anachotsa impso yathunthu kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta pamimba. Ndiye tikamapempha TURP ku Phalombe, tikupempha chinthu chimene kwina chatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100.

Wosauka ndiye akuifuna kwambiri

Anthu akamva za opaleshoni ya kamera amaganiza kuti ndi za mabwana. Ine ndimaona mosiyana. Bwana akadwala amapita kuchipatala cholipira ku Blantyre, kapena kukwera ndege ya ku Johannesburg kapena ku India. Akagona m'chipatala sabata ziwiri, malipiro ake amalowabe kubanki. Amene sabata ziwiri zimamupha ndi mlimi wa ku Nkhulambe kapena ku Nambazo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Wodwala wa kumudzi akatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queens sapita yekha. Pamafunika gadiyani, ndipo nthawi zambiri amakhala mayi wa pakhomopo kapena mtsikana amene wajomba kusukulu. Pamafunika ufa, ndiwo, makala, sopo ndi thiransipoti ya anthu awiri, kupita ndi kubwera. Kumunda nandolo, mpunga ndi mpendadzuwa sizidikira munthu. Akafika atha kuuzidwa kuti abwerenso mwezi wakutiwakuti chifukwa mndandanda ndi wautali, kufiyeta kwadzaza angozi ndi amayi ovutika pobereka, kapena magazi kulibe.

Mkulu wina wa m'mudzi mwathu, amene tonse timangoti malume, anakhala ndi kapaipi zaka ziwiri. Anagulitsa mbuzi ndi njinga kuti apeze ya ulendo wa kuchipatala china chachikulu, ndipo maulendo atatu onse anabwerako ndi tsiku latsopano lolembedwa m'kabuku. Ulendo wachinayi anakana. Anatiuza kuti sangamalize khola lonse kugula masiku a pa kalendala. Palibe amene anamuchitira nkhanza kuchipatalako. Panalibe dokotala wokwanira mzere wonse, basi.

Nkhani ya magazi ndi yofunika kuimvetsa. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana asukulu, n'chifukwa chake nthawi ya tchuthi magazi amasowa m'zipatala. Opaleshoni yosataya magazi ambiri imasiyira botolo mayi amene akukha magazi atabereka. Za mabedi nazo n'chimodzimodzi. Ngati wong'ambidwa agona masiku 9 ndipo wa kamera agona masiku 3, bedi lomwelo lathandiza anthu atatu m'malo mwa mmodzi. Dziko lomwe lili ndi mabedi ochepa, magazi ochepa ndi anamwino ochepa ndi lomwe likufunika kwambiri opaleshoni yotulutsa munthu msanga.

Likodzo la ku Chilwa silithera kusukulu

Phalombe ili ndi chifukwa china chapadera. Kumpoto kwa boma lathu kuli nyanja ya Chilwa ndi madambo ake, komwe anthu amapha nsomba, kulima mpunga, kuchapa ndi kusamba. M'madzi odekha amenewa muli nkhono zomwe zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowa pakhungu, timakakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake amaboola khoma la chikhodzodzo potuluka. N'chifukwa chake mwana amaona magazi kumapeto kwa mkodzo. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anatulukira kachilomboka ku Cairo mu 1851, koma ife mpaka pano tikadali nako.

Ambiri a ife tikukumbuka tsiku lomwa mapiritsi akuluakulu owawa aja kusukulu, atatiyeza kaye msinkhu pa kamtengo. Mankhwala a praziquantel amapha tizilomboti, ndipo ntchito yogawa m'sukulu iyenera kupitirira. Koma mazira amene anatsakamira m'thupi kwa zaka zambiri amasiya zipsera zomwe piritsi silichotsa. Zipserazo zimatha kutseka timapaipi tochokera ku impso, ndipo zimatha kuyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo. Nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika kachilombo ka likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mu 1994.

Apa ndi pomwe kamera ija ikubweranso. Kuti dokotala aone chotupa chikadali chaching'ono, amalowetsa kamera m'chikhodzodzo, ntchito ya mphindi zochepa, n'kutapa kanyama kokapima. Sikani imathandiza, koma payokha siitsimikiza. Chotupa chikapezeka msanga, nthawi zina chimasendedwa ndi chida chomwe chija cha TURP. Kamera ikasowa, msodzi wa zaka 45 amene akukodza magazi amangopatsidwa praziquantel lero, mankhwala ena mwezi wamawa, mpaka chotupa chitadzaza chikhodzodzo chonse. Izi sizisankha mwamuna. Amayi amene amakhala m'madzi tsiku lonse akuoka mpunga ali pa chiopsezo chomwecho.

Dokotala wotere samera ngati bowa

Taonani ulendo wake. Mwana amene wakhoza bwino Fomu 4 akalowa ku Kamuzu University of Health Sciences amachita chaka chokonzekera, kenako zaka zisanu za udokotala. Akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18. Akafuna kukhala wa maopaleshoni, njira imodzi ndi ya COSECSA, koleji ya madokotala a maopaleshoni ya maiko a kuno kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Arusha. Kumeneko ndi zaka ziwiri zoyambira, kenako zitatu za ukatswiri wa impso, chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo, womwe amautcha urology. Pamwamba pa zonsezi ndi pomwe pamabwera fellowship, kutanthauza chaka chimodzi kapena ziwiri pachipatala chomwe chimachita maopaleshoni a kamera tsiku ndi tsiku, munthu akugwira ntchito pambali pa katswiri. Mukaphatikiza ndi zaka pafupifupi 14. Amene akulemba MSCE chaka chino adzakhala wokonzeka cha m'ma 2040.

Bwanji zaka zonsezo? Amene mumasewera magemu pafoni mukudziwa kuti maso akakhala pa sikirini, zala zimafunika kuzolowera kuyenda zokha. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kulibe kuyambiranso. Dokotala akasenda mopitirira pang'ono chabe, amadula kamnofu komwe kamagwira mkodzo, ndipo munthu adzakhala akudzikodzera moyo wake wonse. Akaboola chikhodzodzo, wodwala atha kufa. Luso lotere silibwera poonera YouTube, kapena pa msonkhano wa masiku atatu kunyanja wokhala ndi alawansi. Limabwera pochita maopaleshoni ambirimbiri, wodziwa ataima pambali, wokonzeka kulanda chida zikavuta.

Mu 2015, gulu la akatswiri la Lancet Commission on Global Surgery linanena kuti dziko lizikhala ndi akatswiri osachepera 20 a maopaleshoni, ogonetsa odwala ndi obereketsa pa anthu 100,000 alionse. Malawi safika ngakhale mmodzi pa anthu 100,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 400,000 ku Phalombe, kutanthauza kuti pa muyeso umenewo boma lathu lokha likanakhala ndi akatswiri opitirira 80. Za urology ndiye musakambe. Akatswiri ake m'dziko lonse lino mutha kuwawerenga ndi zala, ndipo amapezeka m'mizinda.

Tisawatumize kukaphunzira loboti

Apa ndi pomwe tiyenera kusamala, chifukwa fellowship si imodzi. Ku America ndi ku Ulaya, maphunziro ambiri apamwamba a urology masiku ano akhazikika pa makina a loboti otchedwa da Vinci, omwe analoledwa ku America mu 2000 ndipo anafika ku South Africa, ku Pretoria, mu 2013. Makina amodzi mtengo wake umapitirira madola a ku America 1 miliyoni, osawerengera zokonzetsa chaka ndi chaka ndi zida zomwe zimatayidwa zikagwira ntchito maulendo ochepa. Tikatumiza dokotala wathu kukakhala zaka ziwiri pa makina amenewo, taphunzitsira London kapena Johannesburg dokotala ndi msonkho wa mlimi wa nandolo. Akabwera kuno manja ake adzasowa chogwira, ndipo sipatenga nthawi adzanyamuka.

Fellowship yoyenera ife ndi yomwe matenda ake ndi athu ndipo zida zake tingazikwanitse: TURP, kuyang'ana m'chikhodzodzo ndi kamera, kusenda zotupa, kutsegula ndi kukonza njira ya mkodzo yotsekeka, kuchotsa miyala, kenako maopaleshoni a timabowo ta pamimba. Malo ophunzirira zimenezi alipo muno mu Africa. Chipatala cha KCMC ku Moshi, ku Tanzania, chakhala chikuphunzitsa madokotala a urology a m'chigawo chino kwa zaka zambiri. Ku Egypt kuli chipatala cha impso ndi chikhodzodzo cha Mansoura, chomwe chinatsegulidwa mu 1983 motsogozedwa ndi dokotala Mohamed Ghoneim, ndipo chinatchuka padziko lonse chifukwa cha khansa ya m'chikhodzodzo yobwera ndi likodzo, matenda athu omwewa. Palinso Urolink, nthambi ya bungwe la madokotala a urology a ku Britain, yomwe yakhala ikugwira ntchito ndi Kamuzu Central Hospital, akatswiri ake kubwera kudzaphunzitsa konkuno. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake: dokotala amaphunzirira pa odwala ake, pa zida zake, ndi magetsi ake omwewa ozimazima.

Zomwe otsutsa amanena

Wina anena kuti: m'chipatala mulibe ngakhale panado, malungo akupha ana, inu mukukamba za kamera? Funso limeneli ndi lachilungamo. Koma kapaipi nakonso si kaulere. Bambo mmodzi akakhala nako zaka zitatu, boma lagula timapaipi tambiri, timathumba, magolovesi, mankhwala a matenda obwerezabwereza, ndi nthawi ya namwino mwezi ndi mwezi. Impso zikafa ndiye kumafunika makina osefa magazi, omwe m'zipatala za boma amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga ku Queens ndi ku Kamuzu Central, ndipo malo ake ndi ochepa. Tikulipira kale, kungoti tikulipirira kudwala m'malo molipirira kuchira.

Wachiwiri anena kuti makinawo adzafa pakatha chaka, n'kukaunjikidwa kusitolo ngati ena ambiri amene tinalandira kwa abwenzi akunja. Izi ndiye zoona zenizeni, tonse tinazionapo. Walira mvula walira matope. Kamera imafuna magetsi odalirika, madzi ambiri a m'mabotolo otsukira m'chikhodzodzo pa nthawi ya opaleshoni, timawaya tosinthira, njira yophera tizilombo pa zida zosalimba, ndi munthu wodziwa kukonza. Amene akukumbuka mmene namondwe Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndi mmene Freddy anadulira misewu ya ku Phalombe mu Malichi 2023, akudziwa kuti jenereta ndi sola si zokongoletsa. Yankho lake ndi kuika zonsezi mu bajeti imodzi ndi maphunzirowo, osati kusiya maphunziro.

Wachitatu anena kuti tikawaphunzitsa adzathawa. Ena adzapitadi. Koma tifunse chomwe chimawathamangitsa. Ndalama ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi kukhala katswiri wa zaka 14 za sukulu amene ntchito yake ndi kulemba masiku atsopano m'timabuku ta odwala chifukwa fiyeta sinapezeke. Mgwirizano womanga dokotala kuti agwire ntchito m'boma zaka zakutizakuti ndi wabwino, koma umange mbali zonse ziwiri. Dokotala alonjeze zaka, boma lilonjeze zida ndi masiku a fiyeta.

Tinazichitapo kale

Dziko lino si lachilendo pa zoterezi. Mu 1985 tinayamba kuphunzitsa ma clinical officer a mafupa, ndipo lero ndi iwo amene amasamalira anthu othyoka m'zipatala za m'maboma. Mu 2017 ku Queens kunatsegulidwa Mercy James Centre, komwe maopaleshoni ovuta a ana akuchitika konkuno ndipo madokotala a Chimalawi akuphunzirira pomwepo. Mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Madokotala a maso nawo akhala akuyenda m'maboma kukachotsa ng'ala, agogo n'kubwerera kwawo akuona. Zonsezi zinayamba wina atakana kuvomereza kuti chithandizo chakuti n'chapamwamba kwambiri kwa Mmalawi.

Ndipo Phalombe lero ili ndi poyambira. Kwa zaka zambiri tinalibe chipatala chachikulu cha boma, tinkadalira cha mishoni cha Holy Family. Mu 2022 chipatala chatsopano cha John Chilembwe chinatsegulidwa ku Migowi, chili ndi mabedi 250 ndi zipinda zochitira opaleshoni. Nyumba ilipo. Sindikunena kuti katswiri wa urology akakhale ku Migowi chaka chonse, poti pa chiwerengero chathu zimenezo ndi maloto. Ndikunena kuti azifikako pa masiku odziwika.

Nazi zomwe ndikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu.

Choyamba, maphunziro azipita kwa gulu, osati munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Dokotala apite limodzi ndi namwino wa kufiyeta, wogonetsa odwala ndi wokonza makina, chifukwa mmodzi mwa anthu amenewa akasowa opaleshoni siichitika.

Chachiwiri, zida zifike dokotala asanabwere kuchokera kusukulu, pamodzi ndi mgwirizano wozikonza ndi ndalama zogulira zosinthira chaka chilichonse. Luso la m'manja likakhala chaka osagwira ntchito limazilala.

Chachitatu, pakhale ndandanda yolembedwa ndi yolengezedwa yoti gulu limeneli lizichoka ku Zomba kapena ku Blantyre kukagwira ntchito sabata yathunthu ku Migowi, mwina kamodzi pa miyezi itatu, kenako ku Mulanje, ku Machinga ndi maboma ena. Zida za TURP zimakwana m'galimoto imodzi. N'kwapafupi kunyamula anthu anayi ndi mabokosi awo kusiyana ndi kunyamula odwala 30 ndi magadiyani awo.

Chachinayi, ma clinical officer a pa boma aphunzitsidwe kusankha odwala oyenera, kuwakonzekeretsa ndi kuwatsatira opaleshoni ikachitika, kuti katswiri akafika asataye masiku awiri akufufuza mafailo.

Chachisanu, tiwerenge. Chipatala chilichonse cha boma chizidziwa kuti chili ndi anthu angati okhala ndi kapaipi, akhala nako nthawi yaitali bwanji, ndipo angati achotsedwa chaka chino. Chomwe sichiwerengedwa sichilowa mu bajeti.

Mbali yathu achinyamata

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Abambo athu sangatiuze za mkodzo, mwambo suwalola kukamba zoterezi ndi mwana. Koma ife timaona. Mukaona bambo kapena agogo akudzuka pafupipafupi usiku, akuchedwa kuchimbudzi, kapena asiya kuyenda maulendo aatali pa minibasi, pezani malume kapena mnzawo wa msinkhu wawo awalankhule kuti apite kuchipatala mkodzo usanatsekeretu. Ndipo inu amene munakulira m'mbali mwa Chilwa, magazi mu mkodzo si chizindikiro cha kukula ngati mmene ena amanenera. Kayezetseni. Mukamwa mankhwala koma magazi osasiya, bwererani mukanene, musangokhala.

Chachiwiri ndi foni yomwe muli nayo m'manjayo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe maofesi a boma akusunga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo silinalembedwere atolankhani okha. Aliyense atha kulemba kalata ku khonsolo ya Phalombe kufunsa kuti ndi anthu angati akusinthitsa kapaipi mwezi uliwonse, ndipo amene atumizidwa ku Zomba kapena ku Queens amadikira miyezi ingati. Phungu akabwera kudzagawa mipira ndi mayunifomu, landirani, kenako mufunseni kuti ndi madokotala angati a urology amene boma likuwalipirira sukulu chaka chino, ndipo adzafika liti ku Migowi. Yankho lake mulijambule, muliike pa gulu la WhatsApp la kwanu.

Ndipo ngati muli ku KUHeS kapena mwangomaliza kumene, mukuganiza za ukatswiri woti mutenge, ganizirani za uwu. Si ntchito yotchuka, palibe amene amadzitama pa ukwati kuti mwana wake ndi dokotala wa mkodzo. Koma mzere wa odwala anu ulipo kale, ukuyambira ku Chiringa mpaka ku Chitekesa, ndipo ena mwa anthu amene mudzawathandize mu 2040 ndi anzanu omwe lero akusambira m'dambo.